Tsiku limene fulawa anafufumira m'galimoto ya apongozi

"Amake Tadala, kodi a Dona akudwala? Sabata yachitatu ino ndikuwaona akuswera zitseko zonse zili yasa."

Anandifunsa choncho amake Juniya, aneba anga kuno ku Chilomoni, atasuzumira pampanda ine ndikuyanika matewera. Ndinawayankha kuti akungopitidwa mphepo. Ndinanama. Zoona zake ndi izi, ndipo ndikuzilemba chifukwa pakamwa zikundikanika.

A Dona si munthu. Ndi galimoto ya bambo a Tadala, imene anawasiyira malemu bambo awo. Ndi zija zakale za ku Jeremani, yazitseko zinayi, yabuluu wodera, ndipo pobadwa inanditsogolera ndi zaka zingapo. Ukaiona itaima umati ndi ya abusa opuma ntchito. Koma ikalira, agalu a mzere wathu wonse amasiya kuuwa n'kumvetsera. Eni ake amati ili ndi masilinda sikisi, ndiponso kuti anaipanga kuti bambo azitengera ana kutchalitchi koma akafika pamsewu wowongoka azikumbukira unyamata. Ine za masilinda sindizidziwa, sukulu ndinalekezera sitandade 7. Chimene ndikudziwa n'chakuti tsiku limene matenda oti ndibereke Tadala anandiyamba, ndinayamba kupemphera tikutuluka pageti, ndipo tinafika kuchipatala ndisanafike pa ameni. Ndiye musaganize kuti ndimadana nayo. Ndimaikonda. Kungoti ndinaipezera ntchito ina imene mwini wake sankaidziwa.

M'galimotomo muli malamulo. Simudyedwa kanthu, ngakhale switi. Polowa umayamba wagogoda nsapato. Chitseko sumenyetsa, umachikankha ngati ukugoneka mwana. Imayenda Lamulungu lokha chifukwa petulo imachita kupapira, masiku ena onse eni ake amakwera minibasi. Ndipo chonyadira chawo chachikulu n'chakuti zonse m'katimo ndi orijino: mipando yachikopa, kapeti wofiirira, mpaka kawailesi. Palibe chinasinthidwapo chichokereni kumene anaipanga.

Kuli kagulu ka azibambo okonda magalimoto akale, amene amakumana kamodzi pamwezi n'kuyenda mondondozana m'tauni muno. Mkulu wawo ndi a Munthali, bambo wamtali wa ku mpoto amene anapuma ntchito m'boma, ndipo anali mnzawo wa malemu apongozi. Lamulo lawo n'lakuti galimoto ya zonse orijino ndi imene imatsogolera mzere. Bambo a Tadala anakhala zaka ziwiri akudikira kuti a Munthali abwere adzaione yawo. Malo otsogolawo ankawalota ngakhale masana.

Tsono ine ndimaphika mandasi. Amene amaphika akudziwa kuti chiperoni chikagwa, fulawa wokanda amachita mwano. Umufunditse bulangete, umuike pafupi ndi mbaula, iye ali duu. Tsiku lina mu Juni ndikupukuta magalasi a galimoto (ntchito yokhayo imene amandilola), ndinatsegula chitseko, kutentha n'kundiwomba kumaso. Kunja anthu ali m'majuzi, m'katimo muli ngati mu Okutobala. Kadzuwa kochepa kamene kanatuluka tsikulo kanali katatsekeredwa m'menemo. Ndinayang'ana pansi kuseri kwa mpando wakutsogolo, ndinaona kuti ndowa yanga yachivindikiro ingakwanepo bwinobwino.

Kiyi wapadera ndinkadziwa kumene amagona, m'thumba la jekete ya ukwati wathu. Kuyambira pamenepo, bambo akangopita kuntchito, ndinkapinda lona amene amaifunditsa, n'kulowetsa ndowa, n'kuiphimba ndi chitenje. Ola limodzi lokha fulawa amakhala atafufuma ngati wamva nkhani yabwino. Masabata asanu ndinachita zimenezi. Mandasi anga anatchuka, mpaka amake Juniya omwewa anandifunsa ngati ndasintha isiti.

Loweruka limene ndikunenali, amayi a kutchalitchi anali atandipempha mandasi a msonkhano wawo wa masana. Ndinakanda makilogalamu asanu, ndipo poona kuzizira isiti ndinachita kuwonjezera. Cha m'ma teni koloko ndinalowetsa ndowa. Bambo a Tadala Loweruka amaweruka wani koloko, choncho mtima unali m'malo.

Isanakwane leveni ndinamva geti likulira, kenako mawu a anthu awiri.

"Amake Tadala! Tulukani mudzapereke moni, kwabwera a Munthali!"

Ndinabereka mwana n'kutuluka. Bambo a Tadala nkhope inali ikuwala ngati tsiku la ukwati. Ataona lona atapindidwa anati, "Mwaipukuta kale? Mwachita bwino, ngati mumadziwa." Ndinangoti eee. Ndinagwada n'kupereka moni kwa alendowo, maso anga ali pachitseko chakumbuyo.

Anatsegula zitseko ndi kiyi wawo, kenako onse awiri anapita kutsogolo n'kukweza boneti. Ndinati mwayi wanga ndi uwu. Ndinazemba, ndinatsegula chitseko chakumbuyo pang'onopang'ono, ndinawerama n'kugwira chogwirira cha ndowa. Nthawi yomweyo boneti inatsekeka, ndipo a Munthali anatsegula chitseko chakutsogolo n'kukhala. Munthu wa miyendo yaitali uja anagwira kachitsulo ka pansi n'kukankhira mpando m'mbuyo. Mpando unabwera n'kudzapanikiza ndowa yanga. Ndinakoka, osasuntha.

"Mpandowu sukufika kumapeto," anatero. Kenako anacheuka n'kundiona. "Oo, mayi mukupita nafe? Zabwino kwambiri. Galimoto ya banja imayesedwa banja lili momwemo. Lowani, lowani."

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanati, pepani abambo, pansipa pali fulawa. Mawu anayi okha kapena asanu. Koma a Munthali anali akusisita kale chikopa cha mpando, akunena kuti chikununkhira ngati tsiku limene malemu anaigula, ndipo bambo a Tadala maso anali atalengeza misozi. Ndinalowa. Ndinamumasula Tadala n'kumuika pamiyendo, ndinavula patapata, phazi lamanzere ndinaponda pachivindikiro, n'kutambasula chitenje changa kuti chibise zonse.

Injini inalira. Ngakhale ndinali m'mavuto, kulira kuja kunandilowa m'chifuwa monga mwa masiku onse. Tinatsika Chilomoni mwaulemu, tinadutsa m'tauni, n'kulowa njira ya ku Chileka. Pansi pa phazi langa ndinkamva chivindikiro chikutukumuka pang'onopang'ono, ngati mimba ya mwana amene wakhuta.

"Ife timayesa chilichonse," anatero a Munthali. "Hita imagwira?"

"Imagwira, bambo. Orijino."

"Tayatsani. Mufikitse kumapeto. Mawindo atsekedwe."

Abale anga, ine sindinkadziwa kuti a Dona ali ndi timabowo pansi pa mipando yakutsogolo totulutsira mpweya wotentha kumapazi a anthu akumbuyo. Kabowo kamodzi kanali kataloza ndowa yanga ndendende. Pasanathe mphindi zisanu chivindikiro chinayamba kulimbana nane. Ndinawonjezera phazi lachiwiri. Thukuta linatsika m'khosi, mwendo unagwidwa dzanzi, ndipo kumbali kwa chivindikiro kunayamba kutuluka kanthu kofewa, kofunda, kakulowa pakati pa zala zanga za kuphazi.

A Munthali ananunkhiza kamodzi. Ananunkhizanso. Iwo ndi mkulu wa mpingo, ndipo fungo la isiti wofufuma mukulidziwa chimene limafanana nacho.

"Mwana wanga," anatero motsitsa mawu, "bambo ako sankalawa. Iwe unayamba?"

"Kuyamba chiyani, bambo?"

"Zakumwa."

"Ine? Ayi ndithu! Mwina ndi kunjaku, pali malo ena amaphika."

"Mawindo ndi otseka."

Bambo a Tadala anandiyang'ana pagalasi. "Amake Tadala, mukumva fungo lililonse kumbuyoko?"

"Ndili ndi chimfine," ndinatero.

Tadala ndiye analibe chimfine. Anawerama, anapisa dzanja pansi pa chitenje, n'kulitulutsa lili ndi chibumi cha fulawa. Asanachipake pampando ndinamugwira dzanja, ndinachotsa fulawayo n'kumuponya m'kamwa mwanga. Anapisanso. Ndinadyanso. Katatu konse, fulawa wosaphika, ndikumeza mwakachetechete ngati mankhwala. (Mchere unali bwino, shuga anachepa pang'ono.)

Titadutsa pa Kameza msewu unayera. A Munthali anakhala tsonga.

"Bambo ako pano ankaimasula. Taiponde timve."

Anaiponda. Msana wanga unamatirira kumpando, mitengo inayamba kuthawira m'mbuyo, injini inasiya kung'ung'udza n'kuyamba kuimba. A Munthali anaseka ngati mwana, akumenya bondo. "Ndi yomweyo! Sinakalambe! Giya ina, giya ina!" Bambo a Tadala anaika giya ina. Kunena zoona, kwa kanthawi kochepa ndinaiwala za ndowa. Galimoto ija imathamanga mosagwedezeka, ngati msewu ndi umene ukudzipinda wokha pansi pake. Ndinaona khosi la mwamuna wanga litawongoka, ndinati m'mtima, Ambuye, mungondisungira chivindikirochi mpaka kunyumba, sindidzayambiranso.

Ndiye panatulukira mbuzi. Zitatu, mayi ndi ana ake, zikuwoloka mosafulumira.

Bambo a Tadala anaponda buleki. Ine manja onse awiri anapita kwa mwana, mapazi anachoka pachivindikiro. Mpando wa a Munthali, umene sunakole bwino chifukwa cha ndowa ija, unathamangira kutsogolo nawo limodzi mpaka mawondo anagunda. Ndowa itapeza mpata inagwa cham'mbali, chivindikiro chinati phuu, kukamwa kwake kutaloza pansi pa mpando. Galimoto itaima, mpando unabwereranso m'mbuyo ndi thupi lonse la a Munthali n'kuifinya ndowayo ngati mmene timafinyira mankhwala otsukira mano.

Mbuzi zinawoloka bwinobwino. Hita inali ikupumabe.

"Aliyense ali bwino?" anafunsa bambo a Tadala.

"Mabuleki ali bwino kwambiri," anatero a Munthali. "Koma pali chinthu chofunda chikundigwira miyendo."

Tonse tinayang'ana. Kuchokera pansi pa mpando, fulawa wanga ankatuluka pang'onopang'ono, woyera, wonenepa, akupuma timathovu. Anakwirira zidendene za nsapato zawo zakuda, anakwera masokosi, n'kuyamba kufunafuna mpendero wa buluku. Kapeti wofiirira uja sankaonekanso.

Bambo a Tadala anazimitsa injini. Sanakuwe. Anatembenuka n'kundiyang'ana, kenako anayang'ana chitenje, kenako pakamwa panga pamene panali patatsalira fulawa.

"Kuyambira liti?"

"Juni."

"Tsiku lililonse?"

"Kupatula Lamulungu."

A Munthali anatsika, anaima m'mbali mwa msewu n'kumapalira nsapato ndi kamtengo. Anthu a njinga za kabaza anayamba kuima kuti aone. Atamaliza anasuzumira pawindo n'kunena kuti, "Injini ilibe mlandu. Mabuleki ndawaona. Hita nayo ikugwira, umboni wake ndauponda. Ukachotsa izi kapeti n'kutsala wabwino, udzandiitane. Malo aja ndikusungira." Kenako anatembenukira kwa ine. "Mayi, fulawa wanu ndi wamphamvu."

Ndinati zikomo. Ndikanatinso chiyani?

Titawasiya a Munthali kwawo ku Nkolokosa n'kufika pakhomo, bambo a Tadala anavula shati, anatenga masipanala n'kumasula mpando wonse. Ine ndinabwera ndi supuni ndi beseni la madzi ozizira, chifukwa aliyense wogwira fulawa amadziwa kuti umayamba wapala, kenako madzi ozizira, kapena umusiye aume n'kumufikisa.

"Bambo a Tadala, mulole ndi..."

"Musandiyankhule. Lero lokha musandiyankhule, ndipo musaikhudze."

Ndinakhala pakhonde. Ndinawaona akulowa m'khitchini. Ndinawaona akutuluka ndi ketulo ikufuka nthunzi. Ndinaimirira, ndinatsegula pakamwa, iwo anakweza chala chimodzi osandiyang'ana. Ine ndine munthu womvera. Ndinakhalanso pansi.

Anathira ketulo yonse. Fulawa uja anapsa pomwepo n'kusanduka ulimbo, analowerera mu ubweya wa kapeti mpaka pansi, wina anatsikira m'timabowo ta hita. Anapala ndi mpeni, anakwecha ndi burashi, kapeti anayamba kusosoka. Pofika Lachitatu anali atachita nkhungu ndipo fungo linkafika kumsewu. Lachinayi anamudula ndi lezala, manja awo omwe, ngati akumeta pamaliro.

Atamaliza anadzakhala pafupi nane pakhonde.

"Madzi otentha aja," anatero, "munkafuna kunena zimenezo?"

"Eya."

"Bwanji simunakuwe?"

"Munati ndisakuyankhuleni."

Anapumira m'mwamba nthawi yaitali. Kenako anafunsa ngati m'nyumba muli tiyi.

A Dona akuyendabe, ndipo akulirabe mokoma. Kungoti hita ikayatsidwa m'galimoto monse mumamveka ngati m'bekale, n'chifukwa chake zitseko zikuswera zili yasa. Pamzere wa a Munthali anatilandira, koma poti kapeti wa orijino kulibenso, tili nambala seveni, kumbuyo kwa kagalimoto kena kamene amachita kukankha kuti kalire. Kiyi wapadera anasamuka m'jekete ndipo sindinamupezebe (ndayang'ana m'nsapato, m'chikwama cha mapepala ndi pamwamba pa wadiropu). Mandasi anga abwerera kukhala wamba.

Ndiye amake Juniya, ngati mukuwerenga, zimene zinatayika ndi izi: fulawa makilogalamu asanu, ndowa imodzi ndi chivindikiro chake, chitenje chimodzi, masokosi a a Munthali, mandasi a amayi a kutchalitchi amene anamwa tiyi wopanda chomwera, kapeti amene anakhala zaka zoposa makumi atatu osadetsedwa, ndi malo oyamba pamzere.