Kamakina ka Che Sefu Kakhala Chete

Kwa Bwana Mkulu,
Bungwe la Makutu Atsopano.

Bwana wolemekezeka,

Ndine munthu wamba wa ku Chowe, wosayenera n'komwe kudetsa tebulo lanu ndi kalata. Ndangoti ndithokoze chifukwa cha kamakina kothandiza kumva kamene munapatsa amalume anga, Che Sefu, a zaka 79, mwezi wa Meyi.

Choyamba, tikuyamika kuti munawapatsa kamodzi kokha, ka khutu lakumanja, lomwe linali mbali ya wojambula zithunzi. Lakumanzere silinadandaule, poti silinamve kuti kunabwera alendo.

Chachiwiri, kapepala kanu ka malangizo, kachingerezi chokhachokha, kakuti kamakinaka kasanyowe. Ndinawamasulira. Mwina akatswiri anu sanauzidwe kuti Msilamu amatawaza, kudziyeretsa ndi madzi, asanaswali, ndipo madziwo amafika ndi m'makutu momwe, kasanu pa tsiku. M'masiku makumi atatu ndi maulendo 150 ovula ndi kuvala, ndi zala zaukalamba. Pomvera lamulo lanu, amalume ankakavula pakhomo la mzikiti n'kukasunga mu nsapato. Choncho Lachisanu lililonse nsapatoyo inkamva bwino lomwe, iwo ali m'kati kuonerera ndevu za shehe zikugwedera.

Chachitatu, mabatire. Munasiya anayi, lililonse la sabata imodzi. Ndafufuza m'magolosale onse kuchoka ku boma mpaka ku Chiponde. A tochi alipo, a wailesi alipo, a njinga yamoto ali mbwee. Anuwo akuti amapezeka ku Blantyre. Mwana wa mlongo wanga anayesa kuyanika kamakinako padzuwa ngati sola, koma sikanatsitsimuke.

Sindikanakuvutitsani pakanapanda za Loweruka likudzali. Amalume ndiwo nkhoswe ya Sumaiya, mdzukulu wawo amene akukwatiwa, ndipo akuchimuna akubwera kudzakambirana kumene banjalo likakhale. Ife tikufuna mkamwini amange pano, monga mwa mwambo wathu. Iwo akufuna kumutengera kutsidya kwa malire. Tsono amalume akapanda kumva sanena kuti sanamve. Amamwetulira n'kugwedeza mutu. Ndawerenga ndekha: pa mafunso khumi ndi awiri amene ndinawafunsa dzulo, anavomera onse, ngakhale lakuti ngati mbuzi zawo zonse tingazipereke kwa aneba. Nkhoswe ikagwedeza mutu pagulu nkhani yatha, ndipo mwana wa mlongo wake ngati ine sangaitsutse.

Ndinakulemberani mu Juni, mu Julayi, ndi kawiri mu Ogasiti. Pa foni yanu pamayankha nyimbo yokoma kwambiri.

Pempho langa ndi laling'ono: batire limodzi, lisanafike Loweruka. Likakanika, bwerani nokha mudzakhale kumanja kwa amalume, muzidzawakuwira m'khutu zimene akuchimuna akunena. Mpando tikusungirani.

Mukapanda kuyankhanso sitikwiya. Vuto limeneli timalidziwa bwino pakhomo pathu, ndipo amalume ati angathe kukubwerekani kamakina kawo. Batire mudzagule nokha, poti inu Blantyre muli naye pafupi.

Ine wanu wogwada pansi,

Sumani Wadi,
Chowe, Mangochi.