Giyabokosi Yonunkhira Vitumbuwa

Mpaka lero pa Sinda pali azimayi ena amene akandiona amafunsa ngati vitumbuwa vapsa. Ndimangodutsa ngati sindinamve.

Ine ndi akazi anga, amake Dalitso, tili ndi makina ofinyira mafuta a mpendadzuwa kuseri kwa msika. Ndikunena kuti "tili" pongodzilemekeza, chifukwa amene amawadziwa makinawo ndi iwo. Anakulira pa chigayo cha atate awo ku Mkaika, ndipo ngakhale ndi aphunzitsi, ndiwo ankatsegula giyabokosi Loweruka, kuviika chala mu oyilo n'kumupekesa pakati pa zala. Ine ntchito yanga inali kunyamula matumba ndi kucheza ndi makasitomala (yachiwiriyo ndimaitha kwambiri).

Kenaka anawasamutsa kukaphunzitsa ku Vubwi. Nyumba inandikulira. M'mawa ndinkathira tiyi m'makapu awiri, n'kumwa onse ndekha.

Nyengo yokolola itafika ndinawalonjeza kuti ndikangomaliza kufinya matumba a anthu, ndipita kukawaona. Lachisanu m'mawa ndinasuzumira pa kagalasi ka giyabokosi, ndipo oyilo anali atatsika. Chigubu cha oyilo wawo uja, wolemera ngati uchi, chinali gwa, chouma. Kukagula ku Katete kunali kutaya theka la tsiku, pomwe mtima wanga unali kale pa msewu wa ku Vubwi. Maso anga anagwera pa ndowa ya mafuta a mpendadzuwa omwe ndinali nditangofinya. Mafuta ndi mafuta basi, ndinadziuza choncho. Ndinathira (mpaka ndinadziyamikira kuti ndine munthu woganiza).

Poyamba makina anayenda bwino moti ndinayamba kuimba nyimbo za kutchalitchi. Dzuwa litakwera, giyabokosi inayamba kulira ngati mbuzi yomangidwa pa njinga. Nditaigwira ndinalumpha. Ndinaviika thumba m'madzi n'kuifunditsa, thumbalo linayamba kufuka nthunzi. Kenaka fungo linabwera, la vitumbuwa venivene. Azimayi a gulu la Chigwirizano omwe anali pa mzere ndi matumba awo anayamba kununkhiza m'mwamba, mmodzi n'kufunsa mwaulemu ngati tatsegulanso kantini.

Ndinaimba foni ku Vubwi. Ndinayamba ndi kufunsa za ana a sukulu, za fumbi la kumeneko, za mtengo wa tomato. Iwo anandidula.

"Atate a Dalitso, chikulira kumbuyo kwanuko n'chiyani?"

"Ndi njinga yamoto ikudutsa."

"Zimitsani njinga yamotoyo. Mwathiramo chiyani?"

Ndinaulula. Sanakalipe. Anandifotokozera pang'onopang'ono, monga amachitira ndi ana a giredi wani, kuti mafuta ophikira akatentha amangokhala ngati madzi, sakakamira pa mano a magiya, ndiye chitsulo chimayamba kudya chinzake. Ine ndinkamvetsera mawu awo kuposa zomwe ankanena.

Ulendo wa ku Vubwi unafera pomwepo. Mawa lake amake Dalitso ndiwo anabwera, atanyamula pamiyendo m'minibasi chigubu cha oyilo ndi mabeyaringi atsopano a m'giyabokosi, pakuti anadziwiratu kuti akalewo apsa. Makasitomala ena anali atanyamula kale mpendadzuwa wawo kupita kwina, ndipo ena sanabwerenso. Tinakhala pansi m'shedi kutsuka giyabokosi ndi parafini, iwo atamanga chitenje chakale, manja ali bii mpaka m'zigongono. Ankati akafuna kundiuza kanthu, kuseka kumawapeza, n'kupukuta misozi ndi phewa. Sindikumbukira Loweruka lina lokoma ngati limenelo. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinawaperekeza pa siteji, ndipo ndinaimabe pamenepo minibasi itazimiririka kale.

Tsopano oyilo woyenera sasowa m'shedi. Giyabokosi sitentha, siliranso, ndipo vuto langa ndi lomwelo. Nthawi zina masana ndimaimba foni n'kunena kuti ndikumva kaphokoso kachilendo. Amandiuza kuti ndiyandikize foni ku makina. Amamvetsera kanthawi ndithu, ngati akukhulupirira, kenaka amati, "Makina ali bwino. Nanga inu mwadya?"

Ndimayankha kuti ayi, ngakhale nditadya, kuti foni isathe msanga.