Mabayinokyula a Mkamwini

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa, koma poti ku Makhanga aliyense akuikamba mothira mchere wake, ndi bwino muimve kwa mwiniwakene. Ndi yochititsa manyazi kwabasi. Mukamaliza kuseka mundithandize kuyamika Mulungu, chifukwa pang'onong'ono ikanathera kumanda.

Ine ndine mkamwini. Ndimakhala kwawo kwa akazi anga, mayi a Esinati, ndipo nyumba, dimba, ngakhale mtengo wa mango umene ndimausa pansi pake, zonse zili panthaka ya apongozi anga aakazi. Mkamwini chimamusunga pamudzi ndi khalidwe basi. Tsiku limene apongozi anganene kuti wakwana, umalongedza kachikwama kako n'kukakwera bwato.

Vuto langa ndi maso. Kuyambira kale zinthu zakutali ndimaziona zopakika, ngati munthu wadutsitsa chala pa inki yosauma. Mayi a Esinati atatopa ndi kundiona ndikupereka moni kwa zitsa, ananditengera kwa dokotala wa maso ku Chikwawa.

Dokotalayo anandiwerengetsa zilembo za pakhoma. Ndinawerenga chachikulu cha pamwamba chija, zotsalazo ndinangolota. Iye anati ndili ndi astigmatism. Ine ndinamva asima, ndipo ndinamutsutsa kolimba kuti chibadwire sindinabanikepo. Anaseka n'kundifotokozera kuti diso limayenera kukhala lobulungira bwinobwino, koma anga ndi opindika ngati mazira a bakha, n'chifukwa chake kuwala kumamwazika. Ndinavomera ndi mutu, koma nditafika kumudzi ndinalengezabe kuti andipeza ndi mphumu ya m'maso.

Magalasi anandipatsa, ndipo kunena zoona ndinkaona nawo ndi nyerere zomwe. Koma ndinangowavala masiku awiri. Asodzi a kudoko atayamba kumandiimirira n'kumati "Good morning, Headmaster", ndinawavula n'kuwakwirira pansi pa sutikesi.

Chaka chimenecho madzi osefukira atangophwa, apongozi anadzala mbatata dimba lonse. Zitayamba kukhwima, nguluwe zochokera m'mabango zinayamba kufukula. Mlamu wanga Zuze, mwana wawo wamwamuna, ali ndi mfuti ya chilolezo ndi agalu awiri, koma ankangopeza mapazi ndi mizere yogumuka. Ine ndinaona kuti uwu ndi mpata wokwezera dzina langa pamudzi. Ndinalonjeza pamaso pa banja lonse kuti nguluweyo ndiipeza ndine, Zuze adzangoomba.

Ndinawoloka kupita ku Bangula. Kuseri kwa ogulitsa nsomba za makakana kuli mkulu wina amene amayala matochi, mawayilesi akale ndi mabayinokyula, magalasi oonera patali aja amene alenje a m'mafilimu amakoleka m'khosi. Anali nawo atatu: aang'ono, apakati ndi aakulu olemera ngati njerwa. Mkuluyo, Msena wolankhula mofatsa, anayamba wandifunsa ngati ndimavala magalasi a maso.

"Ine? Maso anga ndi a nkhwazi."

"Pyadidi, baba," anavomera m'Chisena, koma anandiyang'anitsitsa chifukwa ndinali nditatsinzinira mbali imodzi.

Anandilangizabe. Anati munthu wa maso opindika asamavule magalasi ake poyang'ana. Angopinda timphira ta kumaso kwa mabayinokyula kuti magalasiwo asendere pafupi. Anati makinawo amangokokera chinthu pafupi, sawongola diso. Anatinso aang'ono olembedwa eyiti aja ndiwo abwino kwa mlenje, chifukwa aakuluwo akangomva dzanja likunjenjemera pang'ono, chithunzi chonse chimavina.

Ndinamvetsera ngati wophunzira wabwino, kenaka ndinaloza aakulu aja, olembedwa twente.

"Nkhabe, ayi baba, amenewo amafuna chogwiriziza."

"Chogwiriziza ndi manja angawa."

Powayesa ndinaloza nsanja ya mafoni ya pamsikapo, chinthu choti ngakhale wakhungu angachimve mthunzi. Ndinaona nsanja ziwiri zogundana mitu. Mumtima ndinati awa ndiye amphamvu, akuonetsa ndi ya ku Nsanje yomwe. Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ndinawakoleka m'khosi, ndipo m'bwato monse pobwerera ndinkayang'ana tsidya ngati kapitawo wa sitima.

M'mawa mwake, kum'mawa kutangoyera, ine, Zuze ndi agalu tinali kale kumapeto kwa dimba. Pamenepo pali chulu chachitali. Ine ndinakwera pamwamba, Zuze anatsala pansi kuseri kwa mabango atagwira agalu, moti kutsogolo sankaona kanthu. Maso a gulu lonse ndinali ine. Nkhungu inali itayala pamizere.

Nditaika mabayinokyula kumaso, dziko lonse linayamba kuvina. Migwalangwa inkadumpha, mabango ankathamanga, ndipo chilichonse chinali ndi mthunzi wake pambali. Ndinapotoza kagudumu ka pakati uku ndi uku, osasintha. Ndinapanira mpweya. Kenaka ndinachiona: chinthu chakuda mofiirira, chachifupi, mutu uli pansi, chikufukula mbatata mwakhama.

Apa mutu wanga unachita masamu ake. Ndinati poti makinawa amakokera zinthu pafupi, ndiye kuti chimene ndikuchiona pafupichi chili kutali kwambiri. Choncho sindinaone chifukwa chonong'onera. Ndinalankhula ndi mawu anga onse a kwaya.

"Mlamu, ndaiona."

"Yaimuna kapena yaikazi?"

"Yaikazi. Yonenepa zedi. Kumbuyoku ngati thumba la mpunga."

Ndinamva Zuze akumeza malovu. Anafunsa ngati ili yanthete. Ndinamuuza kuti ayi, ndi yokalamba, ikusuntha mokoka mwendo, ndipo nyama yake idzafuna nkhuni zambiri koma idyeka. Ndinawonjezera kuti ndi yadyera komanso yopanda manyazi, ikufukula ngati mbatatayo inadzala yokha.

Zuze anapempha kuti naye aoneko. Ndinakana, ndinati makinawo ndawatchera malinga ndi maso anga, akawagwira wina asokonekera. Zoona zake n'zakuti sindinkafuna kugawana ulemerero. Ndinamva mfuti ikutseguka, chipolopolo chikulowa, n'kutsekeka. Zuze anati ayambe wamasula agalu kuti aitulutsire poyera.

Agalu anauyatsa liwiro. Ndinawataya m'makinamo, ndinaona mlengalenga, ndinaona bondo langa lomwe, kenaka ndinawapezanso atafika pachinthu chija. Ankachidumphira uku ndi uku. Ndinadabwa pang'ono kuti sakuuwa, koma ndinauza Zuze kuti aigwira.

Pamenepo nguluwe ija inadzuka n'kuima ndi miyendo iwiri.

Munthu wanzeru akanachotsa makinawo kumaso n'kuyang'ana bwino. Ine ndinawakanikiza kwambiri, ndipo chinthucho chinakula, chikugwedezeka, chili ndi mitu iwiri.

"Mlamu, iyi si nguluwe wamba! Yaima ngati munthu! Ndi yokawa, yamatsenga, ombani msanga!"

Zuze anakwera chulu chokwawa, anagwada pambali panga, mfuti ili paphewa, chala chikufunafuna malo ake. Anandifunsa kuti ili pati. Ndinaloza. Nthawi yomweyo m'nkhungumo munachokera mawu amene tonse awiri timawadziwa bwino.

"Tayiga, choka apa! Undithyolera dengu!"

Zuze anatsitsa mfuti pang'onopang'ono, ngati yatentha. Sanandiyang'ane.

"Mlamu," anatero motsitsa mawu, "amenewo ndi amayi."

Ndinachotsa mabayinokyula n'kutsinzinira. Nkhungu inali ikupatuka. Apongozi anga anali chilili pamzere, atafunda chitenje chawo chakuda chofiirira kuyambira kumutu chifukwa cha chisanu, kakhasu kali m'manja. Anali atalawirira kudzakumba mbatata zotsala nguluwe zisanamalize. Kutali kumene ndinkawerengera kuja kunali mapazi osapitirira makumi anayi, ndipo mawu am'mawa m'dimba amayenda opanda chowatchinga.

Ndinakhala pansi pachulupo. Zuze anatsegula mfuti, anachotsa chipolopolo, chinamugwa kawiri asanachiike m'thumba. Ine misozi inangotsika yokha. Manyazi anali asanafike. Chimene ndinkamva chinali chimwemwe chokhachokha choti mayi aja ali moyo, akupuma, akukalipira galu. Sindinayamikepo Mulungu ngati m'mawa umenewo.

Manyazi anafika pamene apongozi anasenza dengu lawo n'kuyamba kubwera. Njira yotulukira m'dimba imadutsa patsinde pa chulu chomwecho. Ndinazolika, kufuna nthaka itang'ambika. Iwo anadutsa mwakachetechete, kenaka anaima pang'ono osacheuka.

"Zuze, nkhuni zophikira nguluwe yokalambayo mwatola kale?"

Anali atamva zonse, kuyambira pa thumba la mpunga.

Kunyumba mayi a Esinati sanandiyankhule. Anangondiikira madzi osamba n'kutuluka, ndipo kusayankhula kwawoko kunandiopsa kuposa kukalipa. Ndinadziwa kuti ukamwini wanga watha. Ndinatsitsa sutikesi, ndinaika malaya, buluku ndi Baibulo. Pansi pake ndinapeza magalasi anga aja, ndipo ndinawavala kuti mwina njira ya kudoko ndiione bwino. Poyang'ana pakhomo ndinaona Esinati ndi mng'ono wake akusewera pamchenga, nkhope zawo zili mbee, ndipo mtima unandiwawa zedi poganiza zowasiya.

Dzuwa litapendeka apongozi anaitana ankhoswe a mbali zonse. Tinakhala pansi pa mango. Ine ndinakhala pansi penipeni chammbali, nditafulatira pang'ono, poti mwambo wathu sulola mkamwini kuyang'anana ndi apongozi aakazi, ndipo nkhani imadzera mwa ankhoswe. Anthu ena amene sanaitanidwe anapeza zifukwa zodutsira pomwepo, ndipo palibe amene anapitirira.

Ankhoswe anga, amalume anga a ku Bangula, anapepesa mwaulemu wonse. Anati mwana wawo si wachipongwe, koma akudwala mphumu ya m'maso. Mayi a Esinati anawongola kuti matendawo ali ndi mankhwala ake, ndi amene ali pamphuno pangawo, koma ndinawabisa poopa asodzi. Zuze anafotokoza za mfuti.

Apongozi anaitanitsa mabayinokyula aja. Anawatembenuza, anawayeza kulemera, n'kuwapereka kwa Zuze kuti aziwasunga iye. Kenaka analamula kuti magalasi asamachoke pamphuno panga kupatula posamba ndi pogona, ndipo asodzi akanditchula Headmaster ndiziyankha. Ankhoswe anavomera zonse. Koma zoti ndikhale kapena ndichoke apongozi anali asananene, ndipo sutikesi yanga inali ikudikira kuseri kwa chitseko.

Apongozi anakhosomola, n'kutembenukira kwa ankhoswe.

"Auzeni akamwini anga kuti za nguluwe sindikusunga kukhosi. Kunenepa ndi madalitso, kukalamba n'kwa Mulungu. Akhale, alere ana awo. Chikundiwawa ine ndi china. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwatama kwa amayi anzanga kuti ndili ndi mkamwini waulemu, tikakumana panjira maso amaponya kutali, sandiyang'ana n'komwe. Kani bambowa sankandiona!"

Bwalo lonse linagwa nako kuseka, ndi ankhoswe anga omwe. Mayi a Esinati anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Ine ndinaseka nawo misozi ili m'maso, chifukwa sindinamvepo chitonzo chokoma chotero, kenaka ndinalowa m'nyumba kukamasula sutikesi.

Mabayinokyula amangokokera chinthu pafupi, koma zoti ndi apongozi ako amakuuza ndi magalasi.