Timfundo Tiwiri ndi Chinkhoswe cha Thoko

Lolemba

Loweruka lino ndi chinkhoswe cha Thoko, mwana wanga mmodzi yekhayo wamkazi, ndipo ndivina. Ndalemba pano kuti msanawu udziwiretu.

Ndili kuchipatala. Adokotala, mtsikana wa msinkhu wa Thoko yemweyo, akweza chithunzi cha ekisireyi pawindo. Akuti mafupa a msana wa m'chiuno alipo asanu osanjikizana, ndipo kumbuyo kwake lililonse limagwirana ndi linzake pa timfundo tiwiri, kena kumanzere kena kumanja, ngati mahinjesi a chitseko. Tanga tapansi penipeni sitikumvana. Kakumanzere kayang'ana m'mbali, kakumanja kapendekeka, ndipo kaperepeseka.

"Kuwerama mutha, mayi. Koma kupindikira kumbuyo ndi kupotokola chiuno, musayerekeze."

Nanga chinkhoswe amavina ndi khosi? Zaka zonsezi ndavinira ana a eni m'dera lathu lonseli la Chikamveka. Wanga yekha ndimuvinire pampando?

Lachiwiri

Asewere anga, mayi ake a mnyamata wofuna kukwatira Thoko, atumiza uthenga kuchokera ku Masongola: "Tamva za msana. Takusungirani mpando wa khushoni, kuvinako tikuvinirani ife."

Chifundo chonyoza chimenechi ndimachidziwa. Akufuna abale awo akanene kuti kwa mtsikana kunalibe munthu. Mayi amenewo sindiwaweramira.

Dongosolo langa:
- m'mawa uliwonse kukwera phiri mpaka ku damu la Mulunguzi
- mafuta opaka otentha aja, kawiri
- kuyeserera chiuno kubafa, kopanda mboni

Timasewera ta adokotala, togona chagada n'kumakokera mawondo pachifuwa, tidikire kaye. Ine si khanda.

Lachitatu

Kukwera phiri kulibe vuto, poti munthu umakwera chowerama. Ndikudzitama mumtima. Ndikulingalira zokawauza adokotala kuti abwerere kusukulu.

Kutsika ndiye mlandu. Thupi likutsamira kumbuyo lokha, kamfundo kakumanja kakuluma phazi lililonse ndikaponda. Azimayi osenza nkhuni akundipitirira chothamanga, mitolo yotalika kuposa khomo langa. Mmodzi waima.

"Agogo, mwatayapo chiyani? Tikufunireni?"

Sindinataye kanthu, ndikupuma. Ku Mulunguzi sindinafikeko. Ndatsika pa njinga yamoto ya kabaza, mabampu onse akufikira pa kamfundo komweko.

Lachinayi

Phiri ndalichotsa pa dongosolo. Silinandigonjetse, ndangolisiya.

Aliyense amadziwa kuti msana ukavuta, mayi wobereka mapasa akakuponda umawongoka. Chimene sanena n'chakuti mayiyo azikhala wolemera bwanji. Pafupi pano tili ndi Abiti Jafali okha, ndipo Mulungu anawapatsa thupi mosaumira.

Ndigona chafufumimba pamphasa. Agwira mzati wa khonde, akwera. Chinachake chalira m'chiunomu.

"Basitu, lalowa m'malo mwake," akutero.

Chalowacho sindikuchidziwa, komwe chalowa sindikukudziwanso. Ndawathokoza ndili chigonere, poti kudzuka kwakanika.

Lachisanu

Mkamwini wabwera kudzatenga mipando yopita kuchinkhoswe. Wagwada patali monga mwa mwambo, ine ndikumuyankha nditayang'ana kukhoma. Apongozi ndi mkamwini sayang'anizana, sagwirana chanza. Lero mwambowu wandithandiza, sanaone mmene nkhope ikuchitira.

Ndamusuzumira akuchoka. Ndi woonda ngati bango. Mantha anga enieni ndi amenewa: Thoko ndamulera ndekha, ndiye ndikamusiye m'manja mwa munthu woti mphepo ya paphiri ingamutenge?

Thoko akuti, "Amayi, mungokhala pansi mawa. Ine sindidandaula."

Ine ndidandaula. Ndakonza nsalu ziwiri zomanga m'chiuno.

Loweruka

Asewere alowa m'bwalo akuvina ndi mapewa okha. Kumeneko ndiye kuvina kwa ku Masongola? Ndidzuka pampando wawo wa khushoni. Nthungululu! Chiuno chipita kumanzere, bwinobwino. Kumanzere kachiwiri. Thoko akuseka atagwira pakamwa, ndipo mtima wanga wadzaza.

Kenako ndichita chimene ndimadziwika nacho, kupindikira kumbuyo n'kupotokolera kumanja.

Kamfundo kaja kandigwira. Thupi lidzipinda lokha kutsogolo, manja pamawondo, n'kuuma pomwepo. Pamaso panga pali nsapato za asewere.

Woyendetsa mwambo akufuula pa maikolofoni: "Taonani ulemu wa amayi a mtsikana!"

Asewere nawo awerama kubwezera ulemu. Akudikira ndiweramuke. Sindingathe. Iwonso sangayambe, anthu angati ndi odzikuza. Nyimbo yatha tili choncho, ina yayamba.

"Asewere, zakwana," akunong'ona.

"Zikwana ndikanena ine."

Anditulutsa ngati mpando wopinda. Galimoto yatisiya kumsewu, poti njira ya kwathu ndi yamiyala yokhayokha. Amuna akuyang'anizana, aliyense akukumbukira kuti naye ali ndi msana. Mkamwini avula jekete, anyonyomala patsogolo panga, nkhope kumbali.

"Amayi, mundikhululukire. Kwerani."

Ankhoswe onse ayamba kuyang'ana mitengo.

Lamulungu

Kutchalitchi sindipita. Ndagona chagada pamphasa, ndikukokera mawondo pachifuwa monga ananenera mtsikana wa kuchipatala uja. Mawa ndikamuona. Akandifunsa ndikana zonse.

Asewere atumiza mpando wa khushoni uja, akuti ndisunge. Akutinso nawo adzuka msana ukuwawa. Ndawatumizira dzina la Abiti Jafali.

Chikamveka yonse ikudziwa kuti ndinaweramira a ku Masongola nyimbo ziwiri, n'kuberekedwa ndi mkamwini dzuwa likuswa mtengo. Anene. Kuvina ndavina, ngakhale kunali kwa mbali imodzi.

Thoko wafunsa ngati ndinachita manyazi pamsana paja. Ndinachita, mpaka pa mtengo wa mapeyala. Kuchokera pamenepo ndinali pantchito. Kuyambira kumsewu mpaka pakhomo mnyamatayo sanapumire, sanadzandire, sanabuule. Msana wake ndaupima ndekha, fupa ndi fupa, timfundo tonse tili m'malo mwake.

Amutenge Thoko.