A Gerishon ndi Mafoni Okomoka

Kuno ku Ligowe panalibe munthu wosadziwa kuti a Gerishon salola kuti chinthu chamagetsi chitayidwe. Wailesi yothyoka mlongoti, tochi yadzimbiri, foni yogwera m'chitsime, chaja chopsa, zonsezi ankazitola n'kuziponya m'thumba la feteleza limene ankayenda nalo paphewa, kumsika, kumaliro, ngakhale pamzere wa kuchipatala.

"Yafa iyi, a Gerishon," munthu ankatero.

"Yafa, mwaiika m'manda ndinu? Yangokomoka iyi. Bweretsani kuno."

Ndiye musaganize kuti anali katswiri wokonza. Mboni ndine. Wailesi yanga itasiya kulira ndinawapatsa. Anakhala nayo miyezi itatu, ndipo tsiku loibweza anabwera atavala jekete. Inalira ndithu, koma inkangogwira siteshoni imodzi yokha ya ku Mozambique.

"Nanga Chipwitikizichi ndichimva bwanji?" ndinawafunsa.

"Inu munati wailesi sikuyankhula. Za chinenero simunanene."

Chaka chathunthu ndinamvera mpira wa matimu osawadziwa, mpaka ndinayamba kukonda imodzi.

A Stefano a pagolosale nawo anawakonzera tochi. Inkayaka pokhapokha ukailozetsa kumwamba.

"Kodi njira ndiziiona bwanji?" anadandaula a Stefano.

"Njira mukuidziwa kale inu, munabadwira konkuno."

Alendo ndiwo ankavutika kwambiri chifukwa panalibe wowachenjeza. Namwino wina, a Triza, atangobwera kumene kuchokera ku Mzuzu, anataya ketulo yamagetsi yoonongeka m'dzenje la zinyalala. M'mawa mwake anamva odi. Potsegula anapeza a Gerishon ataima, ketulo ili m'manja, nkhope ili ngati ya mkulu wa mpingo wobwera kudzaweruza mlandu.

"Amayi, imeneyi inakulakwirani chiyani?"

A Triza anapepesa. Mpaka lero amati sadziwa ngati ankapepesa kwa bamboyo kapena kwa ketulo.

Amene ankasenza mtolo wonsewu anali akazi awo a Gerishon, mayi Esnart. Nyumba inali ya zipinda zitatu, koma ziwiri zinali za "odwala". Alendo ankakhala pa masipika. Nkhuku zinkaikira mazira m'chibokosi cha wailesi yakanema, ndipo a Gerishon ankati ndi wailesi yokhayo m'boma lonse la Neno imene imapereka ndiwo.

Tinkaseka, mpaka chaka chimene mvula inagwa sabata ziwiri osakata. Mabatire akale a sola amene anawaunjika kuseri kwa nyumba anang'ambika, madzi ake n'kutsetserekera kudimba la mayi Esnart. Mpiru wonse unapsa ngati wathiridwa madzi owira. Mbuzi yawo yabere, imene inanyambita pamenepo, inafa tsiku lachiwiri. Ndipo chakumunsi pang'ono kunali chitsime chimene mabanja asanu ankatungapo.

Mayi Esnart sanakuwe. Anangokhala pakhonde n'kuwaitana amuna awo.

"Bambo, ndapirira zaka makumi atatu. Pano ndi kwathu, inu munabwera kudzakwatira. Mwezi uno ukamatha ndikufuna kuona chimodzi chatsala, inu kapena mawaya. Mukalephera kusankha, kwanu ku Dambe njira mukuidziwa."

Pamsika anthu ankati a Gerishon apempha masiku atatu oti aganize. Limenelo linali bodza. Ine ndinawapeza kudimba ali ndi khasu, akupala dothi lopsalo n'kumalituta pa wilibala kupita nalo kutali ndi chitsime. Manja anali atasupuka. Sanandipatse nthabwala tsiku limenelo.

"Ndimati ndikusunga," anatero. "Kani ndimawetera anthu njoka."

Mwayi wawo unali wakuti mwezi womwewo kunafika a bungwe lina la ku Blantyre limene limatolera zinyalala zamagetsi m'matauni. Ankafuna kuyesa ngati kumudzi angapezeko kalikonse. Wowatsogolera, mayi wina wachitsikana dzina lake Jenifer, anaimitsa lole pamsika n'kuyamba kufotokoza kuipa kotentha mawaya ndi kutaya mabatire paliponse. Asanamalize, msika wonse unali utaloza mbali imodzi.

Atalowa m'nyumba ya a Gerishon, a Jenifer anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso.

"Bambo, m'tauni timazungulira mwezi wathunthu kuti tidzaze lole iyi."

"M'tauni mulibe chikondi," anayankha a Gerishon. "Kodi mukupita nazo kuti?"

"Timakazimasula. Mkuwa pawokha, pulasitiki payekha, zimakapangidwa zinthu zina. Zapoizoni timazisunga malo oti zisafike m'madzi."

"Simukazitentha, eti?"

"Ayi, bambo."

"Ndikaone ndekha."

Anakana kukhala kutsogolo ndi dalaivala. Anakwera pamwamba pa katundu, atakumbatira chisipika chachikulu, ndipo anatsika nawo msewu wa mabampu uja mpaka ku Zalewa akulangiza dalaivala kuti ayende bwino, muli odwala.

Anabwerako patatha masiku atatu atavala chovala chonyezimira chachikasu ndi magolovesi ofika m'zigongono. A bungwe anali atawasankha kuti aziyang'anira migolo yotolera zinthuzi pamsika wathu. Chovalacho sanachivulenso. Analowa nacho m'tchalitchi masabata anayi, mpaka abusa anawapempha kuti azikhalako kumbuyo chifukwa chinkawathobwa m'maso polalikira. Mayi Esnart anasesa zipinda zawo ziwiri zija, ndipo za ku Dambe sanazitchulenso.

Koma tsiku lobwerako lija a Gerishon sanafikire kunyumba. Anayamba adzera kwa mayi Deliwe, amene amuna awo anamwalira zaka zinayi m'mbuyomo. Mayiwa analibe chithunzi cha malemuwo ngakhale chimodzi. Zonse zinali m'foni imene inanyowa ndi mvula, ndipo foniyo anali ataipereka kalekale kwa a Gerishon, atataya mtima. Ku Blantyre kuja a Gerishon anakana kuipereka kuti imasulidwe. Anakhala pambali pa amisiri a kumeneko tsiku lonse, osapita kukadya, mpaka amisiriwo anatulutsamo zithunzi zitatu n'kuzitsukitsa.

Ndinali pomwepo akupereka envulopu. Pa chithunzi chimodzi malemuwo anali atanyamula kabichi wamkulu, akuseka mano onse pamtunda. Mayi Deliwe anakhala pansi pomwe anaimapo, n'kuitana mwana wawo wotsiriza kuti adzaone nkhope ya bambo ake. A Gerishon anavula golovesi limodzi, kulivalanso, n'kumayang'ana nkhuku.

Anatisiya chaka chatha nthawi yokumba mbatata. Chinali chifuwa cha sabata imodzi basi. Pamaliro pawo chimkuzamawu cha mpingo chinazima pakati pa ulaliki, ndipo anthu onse anacheukira kumene kunali bokosi. Ena anaseka, kenako kusekako kunasanduka kwina.

Migolo ija ikadalipo pamsika, ndipo anthu amaponyamo ndithu. Lole imabwera kamodzi pa miyezi iwiri. A Gerishon ali moyo, kupakira kunkatenga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa chinthu chilichonse chinkayenera kutchulidwa mwini wake, chaka chimene anachigula, ndi mmene chinadwalira. Dalaivala ankachita kugona pansi pa mtengo podikira.

Masiku ano amangokhuthula migolo, kumanga lona, n'kuliza injini. Mphindi makumi awiri, zatha. Mwezi watha ndinamuona dalaivala uja atamaliza, ataima pambali pa lole, makiyi ali m'manja, osakwera.

"Mwaiwala china?" ndinamufunsa.

"Ayi, bambo," anatero. "Kungoti ntchito ikutha msanga kwambiri kuno."