Chithunzi cha Abambo Pakhoma

Lolemba

Ndaganiza. Pofika Lamulungu, khoma la pabalaza likhala ndi zithunzi.

Maganizowa ndawatola pafoni nthawi yopuma, nditakhalira dengu langa pakati pa mizere ya tiyi. Mayi wina wakunja, wa mano oyera mbee, akuonetsa khoma la kwawo: zithunzi pachingwe, zopanidwa ndi mapegisi oyanikira zovala. Akuti aliyense angathe. Aliyenseyo ndiye ine.

Malangizo ake:
- pukuta diso la foni
- dzuwa likhale kumbuyo kwako
- usamuuze munthu kuti ukumujambula
- nyonyomala, usamangojambula uli chilili

Khoma lathu panopa lili ndi kalendala ya chaka chatha basi.

Koma nkhani yeniyeni ndi abambo. Akutsokomolabe. Lamba wawo amuboolanso ndi msomali. Amayi anapita osasiya chithunzi, kupatula chija cha pa ukwati wa msuweni, pomwe theka la nkhope yawo labisika ndi chipewa cha munthu wina. Masiku ano ndikatsinzina kuti ndiwaone, ndimangoona chipewacho. Zimandipweteka, ndipo sindifuna kuti za abambo zidzatero. Ndikufuna chimodzi chokha, akuseka.

Lachiwiri

Chiperoni! Dzuwa likhale kumbuyo kwako, eti? Dzuwa lake liti? Nkhungu yameza phiri, yameza fakitale, kapitawo tikungomumva mawu okha. Chimenecho chokha ndiye sindikudandaula nacho.

Ndaweruka nditanyoweratu. Abambo ali pakhonde, akukonza ambulera yothyoka, nkhope ili phee, yabwinobwino. Nditi nditulutse foni, andiona.

"Dikira, ndikatenge jekete."

Avala jekete ya maukwati, amanga mabatani onse mpaka lapakhosi, aima njo, manja m'mbali, maso tong'oo. Ndikuti sekani pang'ono, abambo. Akuti, "Ndiseke chiyani? Pali choseketsa?"

Chatuluka: mkulu wina wooneka ngati wagwidwa akutola nkhuni m'nkhalango ya kampani. Iwo akuti chili bwino, chikuonetsa ulemu.

Lachitatu

Lero ndikuwasaka mozemba. Zomwe ndagwira:
- khosi la abambo, chakumbuyo
- dzanja la abambo likugenda nkhuku
- nkhukuyo (yatuluka bwino zedi, diso likuwala)
- chala changa

Kenaka amake Fatsani, oyandikana nawo khomo, andipeza nditabisala kuseri kwa mgolo wa madzi. Mayi amenewa akamva kanthu ndiye kuti layini yonse ya nyumba za kampani yamva. Pofika madzulo pakhomo pali mzere. Zitenje zatsopano, nsapato zobwereka, ana opakidwa mafuta mpaka kunyezimira. Aliyense akufuna ziwiri, choimirira ndi chokhala. Akamadikira akuseka, kugwetsana ndi nthabwala. Ndikangokweza foni, onse nkhope gwa! Anthu a kuno timajambulitsa ngati tikukana mlandu.

Foni yadzaza ndi anthu okwiya, ndipo amene ndimawafuna alowa m'nyumba, akuti phokoso. Chakudya asiya theka.

Lachinayi

Ndachipeza!

Ndinati ndiyese langizo la kunyonyomala lija. Abambo ali pampando wawo, ine ndikubwerera chambuyo pang'onopang'ono, kufunafuna pabwino. Ngalande ya kumbuyo kwanga ndaiwala. Khuu! Chagada m'matope, miyendo m'mwamba, duku uko.

Abambo kuseka! Kuseka kwenikweni, kogwira pamimba, kondinyoza m'Chilomwe, mpaka chifuwa chawadula. Chala changa chadina chokha.

Chithunzicho n'chopendekeka, khutu limodzi ladulidwa, mpata wa mano awo uli poyera. Mayi wa pafoni uja sangachivomereze. Koma ndi iwowo, abambo anga enieni. Ndachiyang'ana mpaka batire latha.

Msana ukuwawa. Chitenje changa sichidzayeranso.

Lachisanu

Abambo apita kuchipatala pa kabaza, layini yonse ikuonerera. Akuti akachoka kumeneko akagona kwa azakhali, sangabwerere mumvula imeneyi. Zili bwino, adzapeza pabalaza patasintha.

Ine ndathamangira kumsika kukatsukitsa zithunzi. Wa studiyo akuti inki yatsala ya chimodzi. Za chingwe ndi mapegisi zafera pomwepo, chifukwa chithunzi chimodzi pachingwe chingaoneke ngati sokosi yoiwalika. Ndiye felemu. Mafelemu ake ndi akuda okhaokha.

"Amenewa ndi amene amayenda malonda, asisi," akutero. Sakunena chifukwa chake, inenso sindikufunsa.

Ndagulanso maluwa apulasitiki ndi laimu wopaka khoma. Mawa ndi tsiku!

Loweruka

Mulungu wanga.

Ndilembe mwandondomeko, mwina ndimvetsa.

M'mawa ndatulutsa mipando yonse panja kuti ndipake laimu. Pansi ndayala mphasa kuti simenti isade. Ndakhoma msomali, ndapachika chithunzi, maluwa kuzungulira felemu. M'nyumba muli mdima, magetsi kulibe, ndiye ndayatsa kandulo pansi pake kuti ndichione bwino. Ndakhala pamphasa kuchiyang'ana. Akuseka, koma masaya alowa kwambiri, ndipo pafoni sizimaoneka choncho. Misozi yangobwera yokha.

Alowa amake Fatsani kudzapempha mchere. Mipando panja. Mphasa. Kandulo. Maluwa. Ine ndikulira. Dzulo anaona okha abambo akupita kuchipatala. Sanafunse n'kamodzi komwe. Mbale pansi, manja kumutu, "Mayo ine! Agogo aja!" liwiro kutuluka.

Ndikuthamanga kufotokoza kuti abambo ali moyo, ali kwa azakhali. Aliyense amene ndikumuuza akundigwira paphewa. "Limbani mtima, achemwali, zimavuta kuvomereza." Ndikuimbira azakhali, foni yawo siikupezeka. Zimenezonso anthu akuti ndi umboni.

Azimayi adzaza pamphasa, nyimbo yayamba. Azibambo akhala pamipando ndinatulutsa ija, akuyamikira kuti mwanayu wakonzekera msanga. Nkhuni zabwera. Ufa wabwera. Wina wayala kale masamba pamsewu, uku ndi uku. A Sabata pochokera kutchalitchi apatukira konkuno, ndipo amenewo ndiye amadziwa kuimba!

Chakumasana kabaza akutulukira. Waona masamba, waima monga mwa mwambo. Abambo atsika, avula chipewa, akuyenda pang'onopang'ono mwaulemu, n'kufunsa munthu woyamba kukumana naye:

"Pepani, watisiya ndani?"

Kunali kuthawa! Mlonda wa kufakitale wadumpha mpanda. Amake Fatsani akomoka, kaya akunamizira, kaya. Eni nkhuni abwerera mwakachetechete kudzatenga nkhuni zawo.

Abambo alowa m'nyumba. Aima kutsogolo kwa chithunzi nthawi yaitali, azimitsa kandulo ndi zala, apita kuchipinda. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Ndikaonetsa nkhope iti?

Kunja kukuwazabe. Laimu wauma mawangamawanga.

Abambo adzuka mochedwa, amwa tiyi, n'kuyamba kundifunsa za dzulo. Anabwera ndani? Analira kwambiri ndani? Akondwa kumva kuti kapitawo wawo wakale anafika ndi ndodo yake. Akhumudwa kuti mlamu wawo wa ku Goliati sanaoneke. Ndikuti mwina uthenga sunamupeze. Akuti unamupeza, amamudziwa.

Kenaka aimirira, achotsa chithunzi pamsomali, apukuta galasi ndi mkono wa malaya.

"Chatuluka bwino. Sindimadziwa kuti ndimaseka chonchi."

Ndikuti ndiye chisiyeni pakhoma, abambo, n'chifukwa chake ndinachijambula.

"Ayi, chingade ndi utsi. Adokotala andiuza zoona dzana, mwana wanga. Sipatenga nthawi. Chikhale choyera, tsikulo usadzavutike kusaka china."

Achikulunga ndi malaya akale, achiika m'sutikesi. Maluwa okhawo akuti ndisadzayerekeze kuikaponso, ndi oipa.

Sutikesiyo inawalemera, ndiye ndawathandiza kuikankhira pansi pa bedi.

Pakhoma patsala msomali. Mawa ku tiyi.