A Loko, Mwana wa Maureen

Pa Mbombwe panalibe munthu wokonda kukiya zinthu ngati malemu a Rafaeli Namwiyo, amene aliyense ankangowatchula kuti a Loko. Anagwirapo ntchito yosunga nyumba ya katundu pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ndipo atapuma anabwerako ndi zinthu ziwiri: matenda othamanga magazi ndi mulu wa makiyi. Makiyiwo ankalendewera m'chiuno pa chingwe cha nsapato, moti munthu unkawamva a Loko asanatulukire.

Ankakiya shuga, machesi, njinga, ngakhale chimbudzi. Mlendo akafuna kudzithandiza ankayamba wapempha kiyi ndi kufotokoza ngati akachedweko. Nsapato za akazi awo, a Nester, zinkagona m'sutikesi, ati kuti mayiwo asamangoyendayenda m'maliro a anthu osawadziwa. Wailesi inkakhala m'kabati, n'kumatuluka nthawi ya nkhani basi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Maureen, tsiku lina anatsegula kabatiyo ndi msomali kuti amvere sewero. Anamukwapula ndi lamba mpaka oyandikana nawo anabwera kudzaleretsa, kenako anamuuza kuti za wailesi adzazikamba akadzakhoza mayeso.

Mayeso Maureen anakhozadi, nakhala namwino ku Mzuzu, kutali komwe munthu amafika miyendo itatupa. Kumudzi sankabwerabwera. Ndiye chaka china, mvula itangotha, anatumiza tabuleti yatsopano kudzera kwa dalaivala wa basi. A Loko anamva kukoma kumene sanamvepo chipumire ntchito. Anavala jekete, anakwapatira tabuletiyo m'khwapa, ulendo wa pa siteji ya akabaza, pamene panali benchi ya a Hidaya ogulitsa tiyi ndi kashopu ka Calvin wokonza mafoni.

Mu tabuletimo munali Baibulo la zilembo zikuluzikulu, buku la nyimbo, poyimbira foni kwa Maureen, ndi kabelu kokumbutsa kumwa mankhwala. Basi. A Loko anauza Calvin kuti awaikiremo apu ya bawo, poti anamva kuti munthu umatha kusewera ndi makina. Calvin anadina apa, anadina apo, kenako anaika dzanja pakamwa mapewa akugwedezeka.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa a Loko.

"Madala, ikuti funsani kaye kholo lanu."

"Kholo langa liti? Abambo anga anafa iwe usanabadwe."

"Kholo lanu ndi Maureen. Muno anakulembetsani ngati mwana wa pulayimale. Chilichonse mukafuna kuika, uthenga ukupita ku foni kwake kuti avomere kapena akane."

Akabaza anaseka mpaka wina anagwa ndi njinga yomwe. Pofika masana nkhani inali itafika ku Milepa. Kuyambira tsiku limenelo a Loko akamadutsa, anyamata ankafunsana mokweza ngati mwana wa Maureen wadya phala, ndipo amayi a pamsika ankawapatsa moni wowafunsa kuti ali sitandade chani.

Madzulo anamuyimbira mwanayo. Anayamba ndi mawu aukali omwe kale ankagwetsa nawo mbale m'manja mwa anthu, koma Maureen anangomvetsera akutafuna chinangwa. Atatha kulankhula, anawayankha mofatsa, ngati mmene amayankhira odwala.

"Ababa, mukamwa mankhwala bwinobwino osadumphitsa, za bawo tidzazikamba."

A Nester, amene ankasankha nyemba pakhonde, anatsokomola nthawi yaitali, nkhope atayang'anitsa kukhoma. Dzuwa litalowa tabuleti inadzithimitsa yokha, italemba kuti nthawi yogona yakwana.

Apa ndi pomwe panabadwira mtsutso umene unadyetsa benchi ya a Hidaya kwa miyezi. Munthu amene anakiyapo chimbudzi anasanduka mlaliki wa ufulu. M'mawa uliwonse ankafika, kuitanitsa tiyi wopanda mkaka, kuika tabuleti patebulo ngati wopalamula pabwalo, n'kuyamba. Mfundo yawo inali imodzi: chinthu ukapatsidwa n'chako, ndipo chako chimamvera iwe. Khasu silifunsa kwa wosula lisanalime. Kodi pali munthu anagulapo mpando umene umakana kukhalidwa ndi alendo ena?

A Hidaya, mayi wa pakamwa pakuthwa amene anaika m'manda amuna awiri koma iwo osaonda, ankati zimenezo n'zopusa. Iwo ankaona tabuleti yokiya ngati khola: limatsekera mbuzi, inde, komanso limatsekera fisi kunja. Ankakumbutsa za mphwawo amene anaika apu yolonjeza ntchito ku Joni, n'kupeza zithunzi za m'foni mwake zili m'manja mwa anthu osawadziwa. Ankati munthu wosadziwa kusambira samukankhira mumtsinje pofuna kumulemekeza.

Calvin ankathira mafuta mbali zonse, poti mkangano unkamubweretsera makasitomala. Iye ankati ngakhale Maureen atachotsa loko wake, pamwamba pake pali loko wina wa kampani imene inapanga tabuletiyo. Kampaniyo ndi imene imasankha maapu olowa mumsika wake, ndipo imatha kuthamangitsa apu imene mwiniwakewe ukuikonda, osakufunsa. Ankati tonsefe ndi alendi, kungoti ena chipinda chawo n'chokulirapo. Akabaza anagawikana. Ena ankati munthu wamkulu azidzisankhira yekha pogwera, ena ankati a Loko akangowatsegulira adzayamba kufunsira akazi a ku Ghana.

Tsiku lina a Hidaya anafunsa pagulu za wailesi ya m'kabati ija, ndi za lamba.

"Zija n'zina," anatero a Loko. "Ine ndinkakiya zanga. Uyu wakiya changa."

"Makutu a mwana anali anu?"

"Ndinawabereka ndine."

"Ndiye lero wakuberekani ndi iyeyo. Imwani tiyi, mwanangu, angazizire."

A Loko anabwerera kunyumba mtima ukuwawa ngati wapsa ndi nthunzi. Chimene chinkawapweteka kwambiri sichinali bawo. Chinali chakuti pempho lililonse linkapita ku Mzuzu, n'kubwerera lokanidwa mwachangu, ngati Maureen ankangokhala chala chili chire kudikira. Anapempha apu ya mpira, inakanidwa. Anapempha ya nkhani, inakanidwa. Tsiku lina, pofuna kumuyesa, anapempha Baibulo lachiwiri. Nalonso linakanidwa.

Anayesa nzeru zawo. Anayesa kulemba tsiku lobadwa la Maureen ngati nambala yachinsinsi, koma anapeza kuti sakulikumbukira, ndipo a Nester atafunsidwa anati nawonso ukalamba wawalowa. Anapita nayo tabuleti kwa abusa kuti amudzudzule mwanayo ndi lamulo lolemekeza atate ndi amayi. Abusa anayimba, Maureen anawafotokozera za magazi a bambo ake, ndipo abusawo anatsiriza ndi kupempha kuti nawo awasonyeze mmene angakiyire foni ya akazi awo.

Mapeto ake a Loko anagulitsa tambala ndi nkhuku ziwiri, napita kwa Calvin kuti aifulashe, kufufuta zonse kuti iyambirenso ngati yakusitolo. Calvin anawachenjeza kuti kabelu ka mankhwala kapita, ndipo Maureen adziwa tsiku lomwelo. Iwo anati adziwe kumene. Ntchitoyo inatenga masana onse, ndipo tabuleti itayaka yopanda kholo, a Loko anaimirira pakati pa siteji, naikweza m'mwamba ngati chikho cha mpira. A Hidaya anangoti, "Fisi wamva fungo."

Masabata otsatirawo a Loko anaika chilichonse cholembedwa kuti chaulere. Bawo, mpira, tochi zitatu, mphaka wobwereza mawu a munthu, apu yoziziritsa tabuleti, ndi ina imene inkati ukaika chala pagalasi imakuyeza magazi. Imeneyi ndiyo anaikonda koposa, chifukwa tsiku lililonse inkawauza kuti ali bwino ngati mnyamata. Ankayeza aliyense pa benchi. Anayeza ngakhale mandasi, ndipo nawo anapezeka ali bwino, koma a Loko anati zimenezo zikungosonyeza kuti mandasi a a Hidaya ndi athanzi. Botolo la mankhwala analikiyira m'kabati. Maureen anayimba kamodzi, nafunsa ngati zimene akuona n'zoona, ndipo atamva kuti inde, anadula. Sanayimbenso.

Lamulungu lina inali nthawi yawo yowerenga mawu m'tchalitchi, ntchito imene ankainyadira kuposa china chilichonse. Anakana Baibulo la pagome, natulutsa tabuleti. Anawerenga bwino ndime ziwiri. Pa yachitatu galasi lonse linadzaza ndi chitsikana chovala zosakwanira kupukutira mbale, chikuvina, nyimbo ya m'bala ikuphulika mpaka kumabenchi akumbuyo. Anafunafuna potsekera, koma kachizindikiro kake kanali kochepa ngati nsabwe, ndipo chala chawo chinangotsegula china choposa choyambacho. Anaibisa m'jekete, nyimbo inapitirira. Anaikhalira, inapitirirabe, tsopano ikumveka ngati ikuchokera mwa iwo. Amayi a chigwirizano anaphimba kumaso ndi nsalu, koma mapewa ankawaulula. Mkulu wa mpingo wina anailanda n'kuthamanga nayo panja ataigwira ndi zala ziwiri.

Akulu a mpingo anawaimitsa kuwerenga. Pa siteji, akabaza anaiphunzira nyimbo ija, ndipo ankaiyimba ndi malikhweru a Loko akangotulukira. Komabe m'mawa mwake anabwera, nakhala pamalo pawo, nanena kuti cholakwa si ufulu koma anthu oipa amene amaika zonyansa m'zinthu zaulere, ndipo ngakhale atachita manyazi, manyaziwo ndi awo, sanawapemphe ku Mzuzu. Calvin yekha ndi amene anadziwa kuti tsiku lomwelo madala anazembera kuseri kwa shopu n'kumufunsa chapansipansi ngati angathe kubwezeretsa loko uja. Calvin anati zimenezo n'zotheka ndi Maureen yekha. A Loko anati ndiye zisiyeni. Calvin, poti ndi Calvin, anafotokozera siteji yonse dzuwa lisanapendeke.

Sitiroko inawagwira m'munda, akuthyola nandolo. Inatenga dzanja lamanja, mwendo, ndi pakamwa. Atatuluka m'chipatala Maureen anabwera, nawasambitsa, nawameta, nawamwetsa mankhwala ndi dzanja lodziwa ntchito koma losachedwa pathupi. Tabuleti anaifufuta n'kuikiyanso. Anthu ankabwera kudzazonda, n'kumakambirana pamaso pawo ngati palibe munthu, kuti mwaona zimene ufulu umachita. A Loko ankamva zonse. Mayankho anali nawo, abwinonso, ankawaona akubwera m'mutu mwadongosolo ngati kale, koma akafika pakamwa ankasanduka malovu.

A Hidaya anabwera ndi fulasiki ya tiyi, anthu akuyembekeza kuti lero ndiye amalizitsa. Anakhala pa mpasa, nawayang'ana adani awo aja nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa Maureen.

"Muikireni bawo munthuyu."

"Mayi, si inu munkati khola ndi labwino?"

"Ndinkauza iwowa, osati iwe. Iwowa ankayankha."

Maureen anapita kuseri kwa nyumba, nakhalako nthawi, ndipo pobwera maso anali ofiira. Anaika bawo, koma anaipimira nthawi yochepa patsiku, yongokwanira masewero awiri. A Loko ankasewera ndi dzanja lamanzere, makina n'kumawadya tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi ikatha pakati pa sewero ankamenya mpasa ndi chibakera, diso limodzi likuyaka ngati kale. A Nester ankati nthawi imeneyo ndi yokhayo imene amuna awo ankaoneka amoyo.

Anamwalira m'nyengo yozizira, chiperoni chitakuta phiri la Chiradzulu. Pamaliro panadzaza anthu kuposa mmene aliyense ankaganizira, ndipo akabaza, omwe aja a malikhweru, ndi amene analimbirana kunyamula bokosi. Tabuleti Maureen anapita nayo ku Mzuzu kukapatsa mwana wake wamkazi, ndipo akuti sipanafunike kusintha kalikonse.

Benchi ya a Hidaya ilipobe. Anthu amamwa tiyi, kulipira, n'kumapita. Calvin anayesapo kangapo kuutsa mkangano uja, koma a Hidaya amangoti mwina ukunena zoona, n'kupitiriza kutsuka makapu. Posachedwapa kunabwera mlangizi wina wa zaulimi ndi tabuleti ya kuntchito, yokiya kuti musalowe china koma za ntchito basi, nafunsa ngati ingatsegulidwe. Akabaza anasiya zimene ankachita nasendera pafupi. Calvin anaitembenuza, nati eni ake anaitseka ndipo ndi bwino kuisiya choncho. Mlangiziyo anati chabwino, naibweza m'chikwama, nakwera njinga. Anyamata aja anaimabe pamenepo kanthawi, akudikira kuti wina atsutse, kenako mmodzimmodzi anabwerera ku njinga zawo.